Zimene Dokotala wa ku Dar Anauza Mlamu Wanga

Kwathu kuno kumwera kwa Mzimba mwamuna akati akupita kunja kukagwira ntchito, palibe amene amafunsa kuti akulowera kuti. Aliyense amadziwa kuti ndi ku Joni. Ine ndinalowera kwina. Ndinapita ku Dar es Salaam, chifukwa kumeneko kunali mlamu wanga Wongani, mlongo wake wa mkazi wanga NyaShaba. Iyeyo anali kapitawo pamalo ena oumba mabuloko a simenti.

Chaka chimenecho matalala anang'amba fodya wathu ali m'munda, ndipo wotsalayo mavenda a pa Jenda anamutola ngati zinyalala. Nyumba ya njerwa imene tinayamba inali itaima pa mawindo. Wongani atamva, anaimba foni nati ndibwere, malo alipo. Anati ndisaope chilankhulo kapena apolisi, iye adzandisunga ngati m'bale wake wa bere limodzi. Ndinalibe chifukwa chomukayikira. Pa ukwati wathu ndi iyeyo amene anandigwirira ambulera.

NyaShaba anandiperekeza mpaka pa Jenda, mwana wathu Tiwonge ali kumbuyo. Anandipatsa mtedza wokazinga m'kabotolo ndi juzi imene sindinaivalenso nditangodutsa Mbeya. Ulendo wake ndimaukumbukira m'zidutswa: Mzuzu, kutsetsereka ku Chiweta, kuwoloka Songwe wapansi ndi chikwama kumutu, kenako basi yaitali imene sinkafuna kufika.

Malo athu a ntchito anali kunja kwa mzinda, mbali ya ku Tegeta, mkati mwa mpanda wa malata. Ntchito yake inali yosavuta kuimva koma yolemera. Kusakaniza simenti ndi mchenga, kuthira m'makina, kunyamula mabuloko aawisi kukayala padzuwa, kuwathirira madzi m'mawa ndi madzulo kuti asang'ambike, akauma n'kuwakweza pa lole. Ife ozolowera chisanu cha ku Mzimba kutentha kwa ku Dar kunkatisungunula. Munthu unkatuluka thukuta usanagwire ndi fosholo yomwe.

Tinkakhala asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi kuseri kwa mulu wa mchenga. Wamkulu pakati pathu anali a Zgambo a ku Euthini, bambo wa imvi amene anali atakhalitsa ku Dar. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kudula chubu cha galimoto n'kumavala m'manja kuti simenti isandidye zala. Lamulungu tinkachapa zovala pa mgolo umodzi, iwo n'kumayambitsa sumu, nyimbo za kwathu, ndi mawu awo okhuthala, mpaka Ataifa oyandikana nafe ankasuzumira pa mpanda. Wongani sankakhala nafe. Anali ndi chipinda chake pafupi ndi geti, koma Lamulungu ankabwera ndi nsomba, tonse n'kudyera pamodzi.

Chiswahili changa chinali cha pantchito basi. Simenti, mchenga, madzi, fulumira, mawa. Zina zonse ankandiyankhulira Wongani. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pa foni, ndipo NyaShaba ankanditumizira zithunzi za khoma likukwera. Linadutsa mawindo, linafika pa lintala, kenako pamwamba penipeni. Zithunzizo ndinkazionetsa aliyense, ngakhale oyendetsa malole amene sankandidziwa.

Pamalopo madzi sankatha. Migolo yothirira mabuloko inkakhala yosavundikira, matayala akale ankasunga madzi a mvula, ndi m'mabowo a mabuloko osweka momwe munkakhala timadzi. Udzudzu wake unali wosiyana ndi wa kwathu. Unali wakuda, wa timizere toyera m'miyendo, ndipo unkaluma masana dzuwa likuswa mtengo, munthu uli ndi buloko m'manja moti sungauombe. Neti tinali nazo, koma neti sungaivale pokweza lole.

M'nyengo ya mvula ya chaka changa chachiwiri anthu anayamba kudwala m'dera lonselo. Ataifa ankati ndi dengi, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu uja. Pakati pathu anayamba anzathu awiri, anagona sabata imodzi n'kudzuka. Ine inandigwira Lachiwiri masana. Mutu unkawawa kuseri kwa maso ngati wina akuwakankha ndi chala kuchokera mkati, ndipo mafupa onse ankachita ngati andipondetsa lole. Ku kachipatala kapafupi anandiyeza malungo, sanawapeze. Anati ndimwe madzi ambiri ndi panado, ndisamwe mankhwala ena opha ululu.

Tsiku lachisanu thupi linazizira, ndipo ndinaganiza kuti ndapulumuka. Apo ndiye zinayamba. Ndinkasanza chilichonse, m'nkhama munkatuluka magazi, ndipo nditaimirira kuti ndikatunge madzi ndinangoona mdima. A Zgambo ndi Wongani ndi amene anandinyamula kukandikweza pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, kupita ku chipatala chachikulu.

Ndinagonamo masiku asanu ndi atatu. Zambiri sindikuzikumbukira. Ndikukumbukira diripi, ndi namwino amene ankandigwira pamkono n'kumayang'ana wotchi nthawi yaitali, kenako n'kuitana mnzake kuti nayenso agwire. Ndikukumbukira timawaya timene anandimata pachifuwa, makina n'kumatulutsa pepala lalitali. Dokotala anali mayi wa magalasi. Tsiku lotuluka anakhala m'mphepete mwa bedi n'kundiyankhula pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi mwana. Ndinangotolapo liwu limodzi limene ankalibwereza: moyo, moyo. Ndinagwedeza mutu ndikumwetulira, poganiza kuti akunena kuti moyo wanga wapulumuka. Sindinkadziwa kuti m'Chiswahili moyo ndi mtima.

Ataona kuti sindikumva, anafunsa m'bale wanga. Anatuluka ndi Wongani pakhonde, ndipo ndinkawaona pa zenera. Anayankhula nthawi yaitali, dokotala akuwerenga ndi zala, Wongani akugwedeza mutu. Anamupatsa mapepala, iye n'kuwapinda kuika m'thumba la kumbuyo.

Atalowa ndinamufunsa kuti akuti bwanji.

“Akuti mwachira, mlamu. Kwatsala kufooka basi. Muzidya chomene, mphamvu zibwerera pogwira ntchito.”

Ndinapuma sabata imodzi. Nthawi imeneyo bwana wathu, mwini malowo, anali atalandira oda yaikulu ya mabuloko a nyumba yosanja, ndipo malole ankabwera motsatizana. Wongani anabwera m'chipinda nati bwana akufunsa za ine, akuti pa geti pali anthu ambiri ofuna ntchito. Ndinavala machubu anga m'manja n'kutuluka.

Buloko imene kale ndinkaiponya pa lole ngati mtanda wa buledi tsopano inkandiimitsa pakati pa njira. Ndikayenda ndi wilibala kuchoka pa makina kufika poyala, ndinkachita befu ngati ndathamanga kuchokera ku Embangweni. Mtima nthawi zina unkathamanga, nthawi zina unkachita ngati waiwala, kenako n'kugunda kamodzi mwamphamvu. Patapita masabata angapo mapazi anayamba kutupa. Ndikadina ndi chala pamwamba pa phazi, dzenje linkatsala. Kugona chagada ndinasiya, ndinkatsamira matumba opanda simenti.

Lole ikabwera a Zgambo ankandikankhira ku paipi yothirira, iwo n'kutenga malo anga, munthu woti ndi msinkhu wa bambo anga. Koma Wongani akatulukira ankandibwezera ku lole, ati bwana sangalipire mwamuna wathunthu chifukwa chogwira paipi.

Ndinamupempha kawiri kuti tibwerere ku chipatala. Koyamba anati kulibe nthawi. Kachiwiri anandikumbutsa kuti masiku a m'pasipoti yanga anatha kalekale, ndipo ulendo woyamba uja tinachita mwayi kuti sanafunse. Anandigulira mankhwala owonjezera magazi ku famase.

Ndinaimbira NyaShaba Lamulungu lina masana, nditakhala pamthunzi wa mpanda. Ndinamuuza kuti thupi silili bwino, ndikuganiza zobwerera. Iye anati mvula ili pafupi, khoma lili pamtunda, ndipo likanyowa chaka chino ligwa chifukwa tinamangira dothi. Anati ndilimbe mtima mwezi umodzi wokha, malata akwanire. Mawu ake ankanjenjemera. Ndinaganiza kuti ndi chisoni chondimvera, ndipo ndinamutonthoza ineyo.

Mwezi umodzi uja unakhala itatu. Malata anakwanira, anakhoma, ndinaona chithunzi. Sabata yotsatira ndinagwa. Ndinali pamwamba pa lole ndikulandira mabuloko, dzuwa lili pamutu, ndipo chimene ndikukumbukira ndi a Zgambo akundithira madzi kumaso ndili pansi pa mchenga. Bwana anali pomwepo. Anayankhula ndi Wongani mwachidule, osandiyang'ana, ndipo patapita masiku awiri ndinali m'basi ya ku Mbeya. Wongani anandigulira tikiti ndi botolo la madzi. Anati kwathu kuli mphepo yabwino, ndikachira msanga, malo anga andisungira. A Zgambo anandinyamulira chikwama mpaka pakhomo la basi. Ankafuna kunena kanthu, ndinaona, koma anangondigwira dzanja nthawi yaitali.

Ndinafika kwathu nsapato zili m'manja chifukwa sizinkalowa. Tiwonge anandithawa, sankandidziwa. Abale anabwera kudzandiona, ndipo ena ndinawamva akunong'onezana za matenda aja amene anthu amabwera nawo kuchokera kunja. Amayi anga ankati ndalodzedwa chifukwa cha nyumba. NyaShaba yekha sanafunse funso lililonse. Ndikagwira khasu ankandilanda. Ndikafuna kunyamula mpando ankathamangira. Koma m'maso sankandiyang'ana. Ndinkaganiza kuti ndi manyazi a anthu amene atalikirana zaka ziwiri.

Kutupa kutafika m'mawondo tinakwera minibasi kupita ku chipatala cha pa Boma. Amene anationa anali dokotala wachinyamata wa ku Dedza, woyankhula Chichewa chokhachokha. Anandimvetsera pachifuwa ndi kumsana, anadina mapazi, anayang'ana mitsempha ya m'khosi. Anandifunsa kumene ndinali ndi zimene ndinadwala. Nditatchula dengi anaika cholembera pansi. Anati matendawa kuno sawaonaona, koma amadziwa kuti mwa anthu ena amafika mpaka ku mtima. Anafunsa ngati ndinabwera ndi mapepala a ku chipatala cha ku Dar. Ndinati ali ndi mlamu wanga.

“Nanga sanakuuzeni chilichonse chokhudza mtima? Kumbukirani bwino, bambo. Zindithandiza kudziwa pomwe ndiyambire.”

Ndinati ayi, anangoti ndachira.

NyaShaba anali atakhala pa mpando wa pakona, chikwama chili pamiyendo. Anayankhula akuyang'ana pansi.

“Dokotala wa ku Dar anati mnofu wa mtima watupa. Anati asanyamule zolemera miyezi isanu ndi umodzi, ndipo abwerere pakatha masabata awiri akamuonenso.”

Dokotala analemba zimenezo m'kabuku kanga. Kenako anakweza mutu, anayang'ana mkazi wanga, n'kuyang'ananso ine. Anandipatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi ndi kalata yopita nayo ku Mzuzu kuti akaunike mtima.

Tinatuluka mpaka pa geti. A kabaza ankatiitana, ife osawamva. Ndinakhala pa kakhoma ka ngalande, ndipo ndinamufunsa kuti anadziwa liti. Anati tsiku lomwelo limene ndinatuluka m'chipatala. Wongani anamuimbira madzulo ake n'kumuuza zonse. Anamuuzanso kuti bwana sangasunge munthu wogona miyezi isanu ndi umodzi, kuti akamva achotsa ine pamodzi ndi iye amene anandibweretsa, ndiponso kuti madokotala amakonda kuopseza anthu. Anzathu awiri aja si anadzuka n'kugwira ntchito? Anagwirizana kuti andibisire mpaka malata akwanire. Wongani analonjeza kuti azindipatsa ntchito zopepuka.

“Ndinkati mwezi umodzi wokha, awiske Tiwonge, bambo a mwana wanga. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikuuzani.”

“Ndinakuimbira. Ndinakuuza kuti ndikulephera kupuma.”

“Munandiuza.”

Analira mwakachetechete, anthu akudutsa ndi mabasiketi a odwala awo. Ine misozi sinabwere. Ndinkangoganiza za tsiku lija pa mpanda, mmene ndinkamutonthozera.

Ku Mzuzu anandipaka mafuta ozizira pachifuwa n'kundionetsa mtima wanga pa kanema. Dokotala wa kumeneko anati wakula ndipo ukupopa mofooka. Ndinamufunsa molunjika ngati ndikanachira ndikanapuma. Anati sanganene motsimikiza, chifukwa alipo ena amene mtima umafooka ngakhale apume. Koma anati ambiri amene dengi yawafika ku mtima amachira akaupatsa mpata, ndipo kukweza mabuloko miyezi yonseyo ndi chinthu chimene sakanalola wodwala wake aliyense. Anati mankhwala ndizimwa moyo wanga wonse, mchere ndisiye, khasu ndiiwale.

Ndinaimbira a Zgambo patapita masiku. Sindinawafunse, anayamba okha. Anati tsiku lija pakhonde anali ataima chapafupi ndipo anamva zonse, Chiswahili amachidziwa bwino. Anamufunsa Wongani pobwerera, iye n'kuwauza kuti ndi nkhani ya pabanja, mkazi wake wadziwa kale, asalowerere. Iwo anaopa ntchito yawo, pa msinkhu wawo sakanaipezanso kwina. Ndiye anasankha kumanyamula mabuloko anga. Anati, “Ndapota, mwana wane, ndinalakwa.” Ndinawayankha kuti yewo pondiuza. Mpaka lero sindidziwa kuti ndiwaike mbali iti.

Wongani anabwera pa Khirisimasi. Anafika pakhomo ndi shuga, mafuta ophikira ndi malaya atsopano a ine, atavala magalasi akuda. Anazungulira nyumba akuyamikira mmene anakhomera malata. NyaShaba anamuyalira mpando n'kulowa m'nyumba, osatulukanso. Ndinamupempha mapepala anga. Anati anasowa posamuka chipinda.

Ndinamuuza kuti ndikudziwa zimene dokotala ananena. Sanadzidzimuke. Anavula magalasi n'kuyamba kufotokoza ngati akuwerengera munthu katundu wa pa lole. Anati pamalo paja pali anthu asanu ndi mmodzi a kwathu amene amadya chifukwa bwana amamukhulupirira iyeyo. Anati akanandiuza ndikanabwerera chimanjamanja, mlongo wake n'kumagona m'nyumba yodontha. Anati palibe amene ankadziwa kuti zifika pamenepa.

“Mukanandiuza, mlamu, mwina ndikanagwirabe ntchitoyo,” ndinatero. “Mwina ndikanasankha malata ndekha. Koma mukanandisiya ndisankhe ine. Mtimawo unali wanga.”

Anayang'ana kumsewu. Anati mbwenu zachitika, tizingothokoza kuti ndili moyo. Ndinamuuza kuti atenge malaya akewo. Shuga ndi mafuta ndinalandira, chifukwa mwana samwa tiyi wa mkwiyo wa bambo ake. Pobwerera, Wongani anakwera basi pa Jenda ndi anyamata ena awiri a m'mudzi mwathu. Mmodzi ndinamuitana n'kumufotokozera zonse asananyamuke. Anamvetsera mwaulemu, anati yewo, ndipo anapitabe.

Akuluakulu a mbali zonse anafuna kuti tikhale pansi. Abale anga ankati mkaziyo abwerere kwawo. A mpingo ankati ndikhululuke. Sindinachite chilichonse mwa ziwirizo. NyaShaba alipo. Amalima yekha munda umene tinkalima awiri, amandiphikira ndiwo zanga padera zopanda mchere, ndipo sanaiwalepo ndi tsiku limodzi lomwe nthawi ya mankhwala anga. Ine ndimakhala pa kabenchi pa Jenda kugulitsa mayunitsi ndi machesi. Timayankhulana za mwana, za feteleza, za maliro a m'mudzi. Pakhomo pathu palibe amene amamva phokoso.

Mwezi uliwonse timakwera minibasi kupita pa Boma kukatenga mankhwala. NyaShaba amanyamula chikwama ndi madzi, amandipezera malo pa benchi, amaima pamzere m'malo mwanga. Dzina langa likaitanidwa amaimirira nane pamodzi, chifukwa anamwino amafuna wodwala mtima azilowa ndi womudikirira. Ulendo woyamba ndinamuuza kuti atsale. Anaganiza kuti ndi za tsiku limenelo lokha, koma mwezi wotsatira ndinamuuzanso chimodzimodzi. Tsopano amaimirirabe, amandiperekeza masitepe atatu mpaka pachitseko cha dokotala, n'kundipatsa kabuku kanga m'manja. Ndimalowa ndekha, ndimatseka chitseko, ndipo ndimapempha dokotala kuti chilichonse chimene wapeza andiuze ineyo, m'chilankhulo chimene ndikumva, kawiri.